Alternator ikasiya kuchaja: kukonzetsa, kugula yakale kapena yatsopano?

Nyali yofiira ya batire ikayaka pa dashibodi injini ikulira, ambiri amathamangira kukagula batire, chonsecho vuto limakhala pa alternator, chipangizo chimene chimachaja batire injini ikamalira. Batire lodzaza limaonetsa mavolti 12.6 injini itazima, ndipo ikalira nambalayo iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikapanda kukwera, pamene lamba wozunguza alternator ali bwinobwino ndiponso ndi womangika, mwini galimoto watsala ndi njira zitatu.

Ine ndimayamba ndi kukonzetsa, chifukwa alternator ya kampani ya Denso, yomwe imapezeka m'magalimoto ambiri a Toyota monga Vitz ndi Corolla, imamasulika mosavuta, ndipo zimene zimaonongeka kawirikawiri ndi tizipangizo tating'ono. Maburashi a kaboni amaperesedwa mpaka kufupika, regulator (kachipangizo kolamulira kuchuluka kwa mavolti) imafa, mabeyaringi amayamba kuchita phokoso, ndipo diode (kachipangizo kolola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha) ikapsa imatha kumwa batire usiku galimoto itangoima pakhomo. Zonsezi makaniko wa zamagetsi amazisintha tsiku lomwelo pa mtengo wochepa. Nkhani imasintha ngati makoyilo amkati apsa, zimene zimadziwika ndi fungo komanso kuda kwa waya: kukulunganso waya pamanja kumadalira luso la mmisiri, ndipo ntchito yotere sindiikhulupirira pa galimoto yoyenda maulendo ataliatali usiku.

Apa ndi pamene yakale yochotsedwa m'galimoto za ku Japan imaposa. Ndi yeniyeni ndipo imakhala pamalo pake popanda kusema chilichonse, koma palibe angakuuzeni kuti maburashi ake atsala motani, choncho ogulitsa aiyese inu mukuona musanapereke ndalama. Yang'ananinso pulagi ndi maampeya olembedwa pachikwangwani chake, pakuti m'galimoto zatsopanoko alternator imalamulidwa ndi kompyuta ya injini, ndipo yofanana nayo maonekedwe ikhoza osachaja konse.

Yatsopano ya Denso imathetsa nkhawa zonsezi, kungoti mtengo wake ndi wowawa. Zotchipa zopanda dzina lodziwika ndimaziika pambuyo pa zonse, chifukwa regulator yake ikalola mphamvu kupyola mavolti 15, batire limawira ndipo mababu amapsa limodzi ndi limodzi.

Eni Aqua ndi Prius asavutike nazo zimenezi: galimoto zawo zilibe alternator, batire laling'ono limachajidwa kuchokera ku batire lalikulu kudzera pa converter, chipangizo chotsitsa mavolti.