Maphunziro othandiza atsogoleri amene agwa pa udindo: mmene ndinawaonera

Nditachotsedwa pa udindo woyang'anira kampani ina, mnzanga anandilimbikitsa kuti ndilembetse maphunziro a pa intaneti omwe amakonzera atsogoleri a bizinesi amene ntchito yawathera kapena amene malonda awo alowa pansi. Maphunzirowa ali ndi mbali ziwiri: zokambirana za gulu, komanso kukumana ndi mlangizi panokha kamodzi pa mlungu.

Mbali ya mlangizi ndi imene inandithandiza kwenikweni. Mayi amene ankandilangiza sanataye nthawi ndi kundipepesa. Anandiuza kuti ndilembe zifukwa zonse zimene ndinachotsedwera, kenako ndipatule zimene ndinalakwitsa ndekha ndi zimene sindikanatha kuziletsa, ndipo ntchitoyi tinaibwereza katatu chifukwa poyamba mlandu wonse ndinkaukankhira kwa a bodi. Titatha apo, tinayeseza mmene ndingafotokozere nkhaniyi mwachidule pamaso pa olemba ntchito, popanda kunyoza kumene ndinachoka komanso popanda kudzitsitsa mopitirira muyeso. Anandikakamizanso kuimbira foni anthu amene ndinagwirapo nawo ntchito, omwe ndinkawazemba chifukwa cha manyazi, ndipo ndinadabwa kuona kuti ambiri analibe nane chifukwa.

Zokambirana za gulu ndizo sizinandigwire mtima. Pafupifupi mlungu uliwonse tinkamva za anthu otchuka. Steve Jobs anachoka ku Apple mu 1985 atasemphana ndi mkulu wa kampaniyo, John Sculley, anayambitsa kampani ya makompyuta ya NeXT, ndipo anabwerera ku Apple mu 1997. Jamie Dimon anachotsedwa ku banki ya Citigroup mu 1998, koma pofika 2000 anali akutsogolera Bank One, imene banki ya JPMorgan Chase inagula mu 2004. Nkhanizi ndi zoona, koma ophunzitsa ankadumpha mfundo yaikulu, yoti anthuwa anagwa ali ndi chuma ndi dzina. Jobs anagulitsa masheya ake a Apple, n'chifukwa chake anakwanitsa kugula kampani imene inadzakhala Pixar mu 1986, ndipo Michael Bloomberg anachoka ku banki ya Salomon Brothers mu 1981 ali ndi madola 10 miliyoni oyambira nawo kampani yake. Munthu amene ali ndi ngongole ku banki ndi antchito amene sanalipidwe amafunika kumva mmene angakambiranire ndi omukongoza, ndipo nkhani imeneyi anangoikhudza pang'ono, tsiku limodzi lokha. Nditafunsa za izi, wophunzitsa anayankha kuti chofunika ndi kulimba mtima, yankho limene linandikhumudwitsa.

Vuto lina ndi lakuti maphunziro akangotha, kulumikizana ndi mlangizi kumatheranso pomwepo, chonsecho miyezi yowawa kwambiri imabwera pambuyo pake, pamene makalata ofunsira ntchito sakuyankhidwa. Amene mukufuna kulembetsa, funsani kaye ngati n'zotheka kutenga mbali ya mlangizi yokha, ndiponso ngati mlangiziyo anayendetsapo bizinesi iye mwini, chifukwa anzanga awiri a m'gululo anapatsidwa alangizi amene sanayang'anirepo ngakhale antchito khumi.