Kulowa gulu la netiweki ya amalonda: kwa ine kwapindula, koma si kwa aliyense

Anzanga angapo a mabizinesi ang'onoang'ono akhala akundifunsa ngati kulowa m'magulu aja okumana sabata ndi sabata kuti azitumizirana makasitomala kuli ndi phindu, kapena ndi njira ina chabe yodyera ndalama za anthu ovutika kale. Yankho langa ndi loti phindu lilipo, koma silibwera msanga ngati mmene amakuuzirani tsiku loyamba mutapita ngati mlendo, ndipo pali mitundu ya bizinesi yomwe ndingaiuze mosabisa kuti isayerekeze nkomwe.

Ine ntchito yanga ndi ya mabuku a ndalama, ndimathandiza eni mabizinesi ang'ono kusunga maakaunti, kukonza za msonkho ndi malipiro a antchito. Ndakhala membala wa gulu lina kwa nthawi ndithu, dzina lake sinditchula chifukwa ndinenako ndi zoipa zomwe.

Magulu ambiri otere amayenda mwanjira yomwe inatchuka ndi BNI, bungwe lomwe Ivan Misner anayambitsa ku California mu 1985 ndipo pano lili m'maiko opitirira 70. Lathu si la BNI, ndi loima palokha, koma malamulo ake ngofanana kwambiri. Ntchito iliyonse ili ndi mpando umodzi basi, nde ngati muli kale loya mmodzi loya wina sangalowe, chimodzimodzi wa inshulansi, wa zamagetsi, pulambala, wopanga mawebusaiti. Mumakumana sabata iliyonse m'mamawa anthu asanatsegule, miting'i imatenga pafupifupi ola ndi theka, aliyense amaimirira kwa mphindi imodzi kunena zomwe amachita ndi mtundu wa kasitomala yemwe akusaka, kenako mmodzi amapatsidwa nthawi yotalikirapo kuti afotokoze bizinesi yake mozama, ndipo kumapeto ndi pomwe anthu amapatsana mayina ndi manambala a makasitomala. Kujomba amalemba. Ukalephera kubwera umayenera kutumiza wina akakuimire, ukajomba mopitiriza mpando wako amaupereka kwa wina.

Mpando umodzi uja ndiwo mumagula kwenikweni. Kwa ine zikutanthauza kuti munthu aliyense m'chipinda muja akamva kasitomala wake akudandaula kuti mabuku asokonekera kapena tsiku la msonkho layandikira, dzina lomwe limabwera m'mutu mwake ndi langa, palibe wina wopikisana nane. Ndipo kasitomala wobwera chonchi ndi wosiyana kutalitali ndi wobwera chifukwa waona chotsatsa pa Facebook. Wa pa Facebook amayamba ndi kufunsa mtengo, amafananiza ndi ena atatu, mwina nkusowa osayankhanso. Wotumizidwa ndi munthu yemwe amamukhulupirira amafika atatsimikiza kale, sanenerera kwambiri, ndipo ambiri mwa amenewa ndi omwe ndakhala nawo mpaka lero. Apa ndipereke ulemu, gulu linagwira ntchito yake.

Koma zinatenga miyezi ndisanaone kanthu kogwirika, ndipo izi si ine ndekha, ndaona ena obwera pambuyo panga akudutsa momwemo. Ndi zomveka. Munthu sangakupatse kasitomala wake wabwino, yemwe wamusunga zaka, chifukwa choti waimirira nkulankhula bwino mphindi imodzi. Amayamba wakuonerera kaye, ngati umafika pa nthawi, ngati umayankha foni, ngati unachita zomwe unalonjeza, mwina amakuyesa ndi kantchito kakang'ono ka iye mwini. Nde amene amalowa ali ndi lendi yoti alipire mwezi womwewo akuyembekeza kuti gulu limupulumutsa amakhumudwa kwambiri, ndipo anthu amamuona kuti ali pa changu, zomwe zimawapangitsa kuti adzikoke.

Chinthu china chomwe ndaona pafupi ndi mmene anthu amagwiritsira ntchito mphindi imodzi ija. Watsopano amaimirira nkunena kuti ine ndimapanga chilichonse, kasitomala wanga ndi aliyense, mukamva wina akufuna mundiuze. Palibe amene amalemba kanthu, maso ali pa makapu. Koma wina wa zamagetsi yemwe wakhalitsa amati, sabata ino ndikufuna mundidziwitse kwa munthu woyang'anira nyumba za lendi yemwe watopa ndi kuitana amisiri osiyanasiyana fyuzi ikapsa. Pompo umaona anthu awiri atatu akutsegula foni kufufuza nambala, chifukwa wawapatsa nkhope ya munthu yemwe akumudziwa. Gulu labwino limakuphunzitsa zimenezi, ndipo luso limeneli umapita nalo ngakhale utatuluka.

Bizinesi yeniyeni sichitikira mu miting'i ya m'mawa ija ayi. Imachitika mukakumana awiriwiri kunja, iwe ndi membala mmodzi, kukhala pansi ola lathunthu kufunsana kuti makasitomala ako ndi otani, vuto lawo lalikulu ndi chani, ndikamva mawu ati ndikukumbukire. Amene amangobwera ku miting'i nkuthamangira ku shopu osapanga zimenezi amalipira ndalama ya chaka chonse nkutuluka chimanjamanja. Ndipo pali chifukwa chomwe anthu oterewa, omwe si abale ako kapena anzako apamtima, amakhalira aphindu. Mark Granovetter, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, analemba mu 1973 kuti nkhani za mwayi watsopano, monga wa ntchito, zimafika kwa munthu kawirikawiri kudzera mwa anthu ongodziwana nawo kusiyana ndi anzake enieni, chifukwa anzako apamtima amadziwa anthu omwewo omwe iwe ukuwadziwa kale. Wa inshulansi yemwe umakumana naye kamodzi pa sabata amayenda m'maofesi momwe iwe sunapondemo.

Tsopano za mtengo, pomwe anthu ambiri amawerengera molakwika. Amayang'ana ndalama ya umembala ya pachaka nkuiwala zina zonse. Magulu ambiri ali ndi yolowera payokha, yamalo okumaniranapo payokha, kuwonjezera thiransipoti. Koma chodula kuposa zonsezi ndi nthawi. Phatikizani miting'i, ulendo wopita ndi kubwera, kukumana awiriwiri kuja, kuimbira anthu kuti mupezere anzanu makasitomala, mupeza kuti theka la tsiku lapita sabata iliyonse, nthawi zina kuposa. Ngati muli ndi antchito oti bizinesi iziyenda inu kulibe, bola. Koma ngati bizinesi ndi inuyo nokha, maola amenewo ndi ntchito yomwe simunagwire, ndipo muyenera kuwaika pa sikelo.

Komanso muziwerengera phindu osati ndalama yomwe yalowa. Magulu awa amakonda kulengeza chiwerengero chachikulu cha bizinesi yomwe mamembala apatsana, anthu nkuomba m'manja. Chiwerengero chimenecho chimakhala cha malonda onse, osachotsa katundu, antchito kapena msonkho, amachinena ndi mamembala okha, ndipo kwathu kunkalowanso zogulana tokhatokha. Kontrakitala mmodzi akapeza ntchito yomanga yaikulu chiwerengero cha gulu lonse chimakwera, pomwe wogulitsa maluwa wakhala chaka osapeza zokwanira kubweza ya umembala. Ine ndimasunga kope langa, dzina la kasitomala, ananditumizira ndani, wandilipira zingati chichokereni, ndatsala ndi zingati. Ndi kope limenelo lomwe limandiuza ngati ndipitirize, osati zolengeza za kutsogolo.

Zomwe zimandinyansa zilipo ndithu. Chifukwa choti amawerenga kuti aliyense wabweretsa mayina angati, anthu ena amabweretsa mayina ongodzazira. Umapatsidwa nambala, umaimba, munthu akudabwa kuti ndinu ndani, sanauzidwe kanthu ndipo sakufuna ntchito yako. Zimenezi zimachititsa manyazi komanso zimadya nthawi. Palinso kukakamizana kubweretsa alendo, mpaka umayamba kuona ngati ntchito yako ndi kukulitsa gulu osati bizinesi yako, abale ndi anzako nkuyamba kukuzemba. Ndikumvetsa kuti gulu likakula mwayi umakulanso kwa onse, koma pali malire, ndipo atsogoleri ena sawaona.

Choopsa kwambiri ndi dzina lako. Lamulo la mpando umodzi limatanthauzanso kuti ukuyembekezeredwa kutumiza anthu kwa yemwe wakhala pa mpandowo, kaya ntchito yake ndi yabwino kaya ayi. Kasitomala wanga wina, mayi yemwe ndinamusungira mabuku kwa nthawi yaitali, ankafuna kukonzetsa ofesi, ndinamulumikiza ndi membala wathu. Munthuyo analandira dipoziti, anagwetsa khoma limodzi, nkusowa, foni osayankha, fumbi lili mbuu pa mafayilo. Mayi uja sanaimbire gulu, anaimbira ine, chifukwa ndine amene ndinati munthuyu ngodalirika. Komiti ya gulu inachedwa kwambiri kuchitapo kanthu, ndipo ndinaona kuti ankaopa kutaya membala wolipira. Pamapeto pake ntchito inatha koma ubale wanga ndi mayi uja unatenga nthawi kuti ubwerere mwakale. Gulu lomwe silifufuza anthu lisanawalandire, lomwe silichotsa wochita zachinyengo msanga, ndi loopsa kuposa kusakhala m'gulu nkomwe.

Nde ndani ayenera kulowa? Mmene ndaonera ine, amapindula ndi omwe kasitomala mmodzi amabweretsa ndalama yooneka kapena amabwerabwera chaka ndi chaka, komanso omwe ntchito yawo munthu sangaipereke kwa yemwe sakumukhulupirira. A maakaunti, maloya, a inshulansi, omanga, a zamagetsi, osindikiza, okonza makompyuta a m'maofesi, ogulitsa nyumba. Kwa amenewa makasitomala ochepa chabe pa chaka amabweza zonse. Koma ngati mumagulitsa tinthu ta phindu lochepa kwa anthu odutsa pamsewu, mungafunike mazana a anthu otumizidwa kuti mufike pomwe loya wafika ndi awiri, ndipo gulu la anthu makumi awiri kapena atatu silingakupatseni zimenezo. Ndalamayo bola muike pa chikwangwani chabwino kapena kuwonjezera katundu. Yemwe wangoyamba kumene, alibe ntchito yoti aonetse, ayambe wadikira kaye. Chimodzimodzi yemwe ntchito yamuchulukira kale moti akulephera kumaliza, chifukwa kukhumudwitsa kasitomala wotumizidwa ndi membala kumamveka chipinda chonse.

Ndipo ngati simukonda kuthandiza ena musalowe, ndikunena zoona. Kupatsa nkuika. Omwe amapeza zambiri kwathu ndi omwewo amene amatumiza zambiri, amene akamacheza ndi kasitomala wawo khutu lili tcheru kumva ngati akufuna chinachake chomwe mnzawo amachita.

Si magulu onse omwe ali okhwima chonchi. Mabungwe a amalonda a m'mizinda, aja amati chamber of commerce, ndi akale kwambiri, loyamba linakhazikitsidwa mumzinda wa Marseille ku France mu 1599, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuyankhulira amalonda ku boma ndi kukonza misonkhano, sakuwerengerani kujomba koma sakulonjezaninso makasitomala. Rotary, yomwe Paul Harris anayambitsa ku Chicago mu 1905, mudzapezamo eni mabizinesi ambiri koma cholinga chake ndi kutumikira anthu, mukapita ndi mtima wogulitsa mudzatopetsa anzanu. Magulu a pa WhatsApp, Facebook ndi LinkedIn ambiri ndi aulere, vuto aliyense amangoponya chotsatsa chake palibe wowerenga cha mnzake. Njira yomwe ndimaiona kuti anthu amaipeputsa ndi kungopeza anzanu anayi kapena asanu omwe muli ndi makasitomala amodzimodzi koma simupikisana, monga wojambula zithunzi, wokongoletsa malo ndi wobwereketsa zokuzira mawu, nkumakumana kamodzi pa mwezi. Palibe cholipira, kungoti popanda malamulo timagulu totere timazilala msanga ngati palibe mmodzi wolimbikira kuitana anzake.

Pali phindu lina lomwe sindinkaliyembekezera ndipo silingalowe mu kope langa lija. Kukhala mwini bizinesi yaing'ono ndi kosungulumwitsa, mavuto ako sungauze antchito, kunyumba safuna kumva za invoisi tsiku ndi tsiku. M'gulu muja ndinapeza anthu oti ndikawafunsa mmene amachitira ndi kasitomala wosalipira, kapena mmene anakwezera mitengo osathawitsa anthu, amandiyankha zomwe anadutsamo okha. Ndinaonanso mtsikana wina yemwe tsiku loyamba pepala linkanjenjemera m'manja polankhula, pano ndi amene amatsogolera miting'i.

Musanalipire kalikonse pitani kaye ngati mlendo, magulu ambiri amalola zimenezi. Musatengeke ndi kuomba m'manja, yang'anani kuti m'chipindamo muli ndani, ngati anthuwo amakumana ndi mtundu wa makasitomala omwe inu mukufuna. Ine zimandiyendera chifukwa muli loya ndi wa inshulansi omwe tsiku lililonse amalankhula ndi eni mabizinesi, akanakhala kuti mulibe sindikanakhalitsa. Funsani kuti ndi angati akhala kupitirira chaka, ndi angati anatuluka posachedwa, ndipo ngati mungathe pezani mmodzi wotuluka mumve mbali yake. Funsaninso zomwe amachita membala akalakwira kasitomala, mumvetsere ngati akuyankha zogwirika kapena akuzungulira. Ndipo werengani pepala lomwe mukusaina, makamaka pa nkhani yobweza ndalama, chifukwa m'magulu ambiri mukalipira ya chaka nkutuluka pakati palibe chomwe mumabwezeredwa.

Ine ndalipiranso chaka china, koma ndinauza komiti poyera kuti sinditumizanso kasitomala wanga kwa membala yemwe ntchito yake sindinaione ndi maso anga, ngakhale chiwerengero changa cha mayina chitsike. Ena sanasangalale nazo, awiri anabwera pambuyo pake kudzanena kuti nawonso ayamba kuchita chimodzimodzi.