Ntchito ya nthambi yothandiza ovutika ya mpingo wina pa kampu ya ku Chilobwe

Namondwe wa Freddy atagumula mbali ina ya phiri la Soche mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsikira m'nyumba za anthu ku Chilobwe usiku, ndipo kutacha banja langa linali pa sukulu ina ya pulayimale, mkazi wanga ndi ana athu atatu m'kalasi ya amayi, ine m'kalasi ya abambo. Tinakhala pamenepo masabata asanu. Pa nthawi yonseyo amene anatisamalira kwambiri ndi nthambi yothandiza ovutika ya mpingo wina waukulu mumzinda wa Blantyre, ndipo ndafuna kulemba za ntchito yawo chifukwa abale athu a ku Johannesburg ndi ku Britain, amene amasonkha ndalama ngozi zotere zikagwa, amandifunsa kawirikawiri ngati zopereka zodzera ku mipingo zimafikadi m'manja mwa ovutika.

Zimafika, ndipo kwa ife zinafika msanga. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza pa 13 Malichi kuti m'chigawo chakummwera mwagwa ngozi yaikulu, koma misewu ndi milatho zinali zitaduka, magetsi atazima, ndipo anthu oposa 600,000 anali atasowa pokhala, moti panalibe bungwe limene likanafika paliponse tsiku limodzi. Malole a chithandizo asanayambe kuoneka, amayi a mpingowu anatulukira pa sukulu paja m'mawa wa tsiku lachiwiri, mapoto ali pamutu, nkhuni zowuma zochokera m'makhitchini mwawo atazikulunga m'mapepala apulasitiki kuti zisanyowe. Anasonkha moto pakhonde la kalasi, naphika phala, nayamba kugawira ana ndi amayi oyamwitsa. Mwana wanga wamng'ono, amene anali asanalankhule chichokereni kunyumba, anamwa phala lija m'kapu ya mayi wina amene sindinkamudziwa, ndipo mayiyo anamufunditsa chitenje chake chomwe.

Patapita masiku angapo, ogwira ntchito a nthambiyi anayamba kugawa katundu mwadongosolo. Banja lililonse lolembedwa linalandira ufa, nyemba, nyama ya soya, mafuta ophikira, mchere, sopo, ndowa ndi bulangete, ndipo amayi ndi atsikana ankaitanidwa paokha kukalandira zitenje ndi mapadi kutali ndi maso a abambo. Ufa unali wabwino, wosafumbwa, ndipo sindinaonepo thumba likutulukira kuseri kupita kumsika. Chimene ndinachiyamikira kwambiri ndi nkhani ya madzi. Tisaiwale kuti kolera, amene anabuka mu Malichi 2022, anali atapha kale anthu oposa 1,500 m'dziko muno, ndipo ife tinali khamu la anthu ogwiritsa ntchito zimbudzi zomangidwira ana asukulu. Anaika zidebe za madzi othira klorini pakhomo pa zimbudzi ndi pamalo ophikira, ndipo mnyamata wina wodzipereka ankakhala pomwepo tsiku lonse, akubweza mwaulemu ngakhale akuluakulu amene afuna kudutsa osasamba m'manja.

Pali ntchito ina imene silembedwa m'malipoti. Mabanja ambiri anali kufunafuna abale awo, ena ku chipatala cha Queen Elizabeth, ena m'matope momwe, ndipo abusa ndi akulu a mpingo ankapita nawo, kuima nawo pozindikira matupi, ndi kuthandiza kupeza mabokosi ndi galimoto yopita kumudzi. Munthu amene wataya mkazi ndi ana usiku umodzi safuna ufa wokha. Pa zimenezi anthu a mpingo ali ndi luso limene analiphunzira pa maliro a m'madera mwathu kwa zaka zambiri, ndipo ndinaliona likugwira ntchito.

Koma mphamvu yawo yodziwa anthu ndi imenenso inabala vuto lalikulu limene ndinaliona. Kaundula woyamba wa olandira chithandizo analembedwa ndi akulu a mpingo mothandizana ndi mafumu a m'deralo, ndipo iwo analemba amene ankawadziwa. Ku Chilobwe kumakhala alendi ambiri, anthu a maganyu ndi ogulitsa malonda amene afika mumzinda posachedwa, ndipo munthu wotere sadziwika kwa mfumu kapena kwa mkulu wa mpingo aliyense. Palibe amene anafunsidwa kuti amapemphera kuti, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke bwino, chifukwa Asilamu ndi anthu a mipingo ina analandira chimodzimodzi ndi ife. Komabe amene sanadziwike sanalembedwe, ndipo wosalembedwa ankabwerera chimanjamanja.

Mwa anthu oterewa munali agogo ena amene ankagona pafupi ndi mkazi wanga. Iwo anawoloka kuchokera ku Milange ali mtsikana, kuthawa nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, pa nthawi imene dziko lino linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anzawo anabwerera, koma iwo anatsala, popeza anali atakwatiwa kuno. Chiphaso cha unzika analibe, nyumba inali ya lendi, ndipo mwini nyumbayo analembetsa banja lake lokha. Tsiku logawa ufa anaima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo atafika patebulo, mnyamata wa kaundula anayang'ana mapepala ake kawiri nati, "Agogo, pepani, dzina lanu mulibemo, mudikire ulendo wina." Iwo anangoyankha kuti, "Zikomo, mwanangu," nabwerera kukakhala pansi pakhonde. Anauza mkazi wanga madzulo ake kuti chakudya choyamba chimene anadya m'Malawi muno atathawa nkhondo anawapatsa ndi anthu a tchalitchi, ndipo sanafunsidwe pepala lililonse. Kwa masabata awiri anadya za m'mphika mwathu ndi mwa mabanja ena awiri.

Chachiwiri chimene sichinandisangalatse ndi mwambo wa tsiku limene kwabwera alendo. Pemphero lalifupi palibe analidandaula, ambiri tinkalifuna, koma kukabwera akuluakulu ochokera ku ofesi, zolankhula zinkatalika, anthu anjala ali chiimire, kenako okalamba ndi amayi a makanda ankasankhidwa kuti ajambulidwe atanyamula thumba. Ndikumvetsa kuti opereka ndalama amafuna umboni. Koma mayi amene wavala chitenje chimodzi kwa sabata yathunthu ayenera kufunsidwa kaye asanajambulidwe, ndipo sindinamve wina akufunsidwa.

Chimene chikundichititsa kuwayamikirabe ndi chakuti ankamva akauzidwa. Mwezi wa Ramadan utayamba chakumapeto kwa Malichi, abale athu achisilamu anadandaula kuti chakudya chophika chimagawidwa masana okha, ndipo kuyambira tsiku lotsatira amayi ophika anayamba kusunga mphika wina mpaka dzuwa litalowa. Nkhani ya kaundula nayo tinaitengera kwa mayi amene ankatsogolera gululi, ndipo ngakhale inatenga nthawi yaitali kuposa mmene inayenera, iwo anabwera okha usiku wina ndi tochi, nayenda kalasi ndi kalasi kulemba aliyense amene wagona pamenepo. Umu ndi mmene kaundula akanalembedwera kuyambira tsiku loyamba.

Kampu itatsekedwa kuti ana abwerere m'makalasi, tinapatsidwa ufa ndi pepala lapulasitiki lofolera, zimene zinali zochepa kwa munthu amene khoma la nyumba yake lagwa, ndipo pambuyo pake sitinawaonenso kupatula ulendo umodzi. M'dziko muno muli mabungwe achipembedzo angapo ogwira ntchito zotere, monga CADECOM, CARD ndi Islamic Relief, ndiponso Jesuit Refugee Service imene imayendetsa sukulu za othawa nkhondo ku Dzaleka m'boma la Dowa, kotero wofuna kupereka ali ndi posankha. Ine ndalama yanga ndingaipereke ku nthambi imene inatisamalirayi popanda mantha akuti ibedwa, koma ndisanapereke ndingafunse kuti kaundula wawo amalemba ndani, amalembera kuti, ndipo munthu wopanda chiphaso amamutani.

Agogo aja analandira thumba lawo loyamba sabata yachitatu. Anatapako ufa m'mbale zitatu, natumiza kamtsikana kena kukapereka ku mabanja amene ankadya nawo, kenako anamanga thumbalo ndi chingwe cha chitenje naliika kumutu kwa mphasa yawo.