Buku la Bede pa mbiri ya mpingo wa Angerezi: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Ndimaphunzitsa kalasi ya achinyamata kutchalitchi kwathu kwa Anglican, ndipo tsiku lina mtsikana wina anandiponyera funso limene linandisowetsa chonena. Tinkakamba za Bishopu Mackenzie amene anafika ku Magomero mu 1861, iye n'kukweza mkono: "Aphunzitsi, nanga azunguwo anawalalikira ndani?" Ndinayankha mozemba. Sabata yomweyo ndinaitanitsa pa intaneti buku la Bede lotchedwa Ecclesiastical History of the English People, lomasuliridwa kuchoka m'Chilatini kupita m'Chingerezi cha masiku ano.

Za wogulitsa ndingonena pang'ono. Analemba kuti bukulo lili bwinobwino, koma linafika chikuto chili chothothoka, ndipo mwini wake woyamba anadutsamo ndi cholembera chofiira mpaka pakati. Ndinamata ndi selotepi, nkhani inathera pomwepo.

Bede anali mmonke wa ku Jarrow, kumpoto chakum'mawa kwa England. Abale ake anakamupereka kwa amonke ali ndi zaka 7, ndipo anakalambira komweko. Bukuli analimaliza mu 731, iye n'kumwalira mu 735. Chimene chinandigwira mtima poyambirira penipeni n'chakuti mkuluyu amatchula kumene watenga nkhani zake. Za ku Kent, ufumu wa kum'mwera chakum'mawa kwa England, anamuuza ndi Albinus, mkulu wa amonke ku Canterbury, ndipo wansembe wina, Nothhelm, anapita mpaka ku Roma kukakopera makalata a Papa Gregory. Pena amanena poyera kuti izi ndinangomva kwa akuluakulu. Olemba ena a lero satero n'komwe.

Yankho la mwana uja ndinalipeza m'gawo loyamba. Papa Gregory anatuma mmonke wina, Augustine, ndi anzake pafupifupi 40, ndipo anafika ku Kent mu 597. Koma ali m'njira mantha anawagwira, moti anabweza Augustine ku Roma kuti akapemphe Papa awalole kusiya ulendowo, poopa mtundu wolusa umene chilankhulo chake sankachidziwa. Mtundu woopedwawo ndi Angerezi amenewa! Papa anakana. Atafika, mfumu Æthelberht inakana kukumana nawo m'nyumba, inati akumane panja, poopa kuti alendowo angaichite matsenga. Chikhalirecho mkazi wake, Bertha, anali kale Mkhristu wochokera kwa Afulanki, kudera limene lero ndi France, ndipo ankapemphera m'katchalitchi kakale ka St Martin ku Canterbury.

Tsamba limene ndaliwerenga kambirimbiri ndi kalata ya Gregory kwa Mellitus, amene anamutuma kukathandiza Augustine, ya mu 601. Papa akulangiza kuti akachisi a milungu yakale asagwetsedwe. Achotsemo mafano okha, awazemo madzi odalitsidwa, amangemo maguwa, kuti anthu azibwera pamalo amene anawazolowera. Ng'ombe zimene ankapha popereka nsembe azizipha ndithu, koma azidya pa chikondwerero choyamika Mulungu. Maganizo ake ndi akuti wokwera phiri sadumpha, amaponda phazi ndi phazi. Apa ndinakumbukira agogo anga aakazi, amene ankasimba kuti ali mtsikana anaimitsidwa mumpingo chifukwa chopezeka pamene ankaimba ng'oma. Ndinatseka buku n'kukhala duu kwa kanthawi.

Nkhani zokoma zilimo zambiri. Pabwalo la mfumu Edwin ya ku Northumbria, imene inabatizidwa ku York mu 627, nduna ina inayerekeza moyo wa munthu ndi mpheta yolowa m'nyumba yofunda usiku wachisanu: yalowera khomo ili, yatulukira linalo, kumene yachokera ndi kumene ikupita palibe akudziwa. Wansembe wamkulu wa milungu yakale, Coifi, yekha anadandaula kuti waitumikira mokhulupirika koma palibe chimene wapindula. Ndiye pali Rædwald, mfumu ya ku East Anglia, imene inaika maguwa awiri m'kachisi mmodzi, lina la Khristu, lina la milungu ya makolo. Ameneyu ndinamuseka kwambiri, chifukwa adzukulu ake timakhala nawo benchi imodzi Lamulungu, Lachiwiri n'kukumana nawo akuchokera kwa sing'anga.

Aidan, mmonke amene anachokera ku Iona, chilumba cha ku Scotland, n'kukhazikika pachilumba cha Lindisfarne mu 635, sankachidziwa bwino chilankhulo cha Angerezi. Polalikira, womasulira wake anali mfumu Oswald mwiniwake. Ndipo amene anakweza maphunziro ku Canterbury pamodzi ndi bishopu wamkulu Theodore wa ku Tarsus anali Hadrian, yemwe Bede akunena momveka kuti kwawo kunali ku Africa. Ana a m'kalasi mwanga anandiuza kuti ndibwereze pamenepa.

Nyenyezi imodzi ndachotsera zinthu ziwiri. Choyamba, Bede ndi tsiku la Pasaka ndi khethekhethe. Akayamba kufotokoza kawerengedwe ka mwezi ndi kametedwe ka mutu wa amonke, masamba amatha iwe ukusinza. Ndikuvomereza kuti mkangano wa tsiku la Pasaka pakati pa otsata mwambo wa ku Iona ndi otsata wa ku Roma unali ndi pogwira: m'nyumba ya mfumu Oswiu zinkatheka mfumu kumadya Pasaka pamene mkazi wake, Eanflæd, akadasala, ali pa Lamulungu la Kanjedza. Msonkhano wa ku Whitby mu 664 ndi umene unagamula kuti atsate Roma. Koma nkhani yoti ikanakwana masamba atatu, iye amangoibwereza.

Chachiwiri n'chachikulu. Bede ali ndi mbali. Chikhristu chinalipo pachilumba cha Britain kuyambira nthawi ya Aroma, Angerezi asanabwere n'komwe, ndipo iye mwini akusimba za Alban amene anafera chikhulupiriro. Koma akafika pa Akhristu a mtundu wa Britons, eni nthaka, amawaweruza mouma mtima, ati sanalalikire kwa Angerezi. Kulalikira kwa anthu amene akukulanda minda? Funso limenelo salifunsa. Ngakhale pamene Augustine analephera kuimirira pampando kulonjera mabishopu awo, iwo n'kukhumudwa, mlandu ukugwerabe iwowo. Patrick, amene analalikira ku Ireland, satchulidwa n'komwe m'mbiri yonseyi. Tsono musagule kope lopanda mawu ofotokozera a akatswiri a mbiri. Langali lili nawo kumapeto, pamodzi ndi mapu ndi mndandanda wa mafumu, ndipo popanda zimenezo Oswald, Oswiu ndi Oswine akanandisokoneza mutu.

Kope langa lilinso ndi kalata ya wophunzira wake, Cuthbert, yosimba imfa ya Bede. Masiku ake omaliza, mpweya ukumuvuta, ankamasulira Uthenga wa Yohane m'chilankhulo cha anthu ake, mnyamata akulemba. Pano bukuli lili ndi abambo mfumu athu, amene analibwereka ati kwa sabata imodzi. Mwezi watha tsopano.