Craniosacral patapita miyezi: tulo ndinatipeza, khosi likadali lomwelo

Azimayi anzanga a kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, akhala akundifunsa ngati ndimapitabe kwa mayi aja a mumzinda wa Tete amene amagwira anthu mutu. Ndimapitabe, koma mwa apo ndi apo. Ndinayamba m'nyengo yachisanu, pano mvula yagwa kale, choncho ndingathe kunena zimene ndaona.

Ine ndine telala. Tsiku lonse ndimakhala chowerama pa makina, ndipo khosi linkachita kuuma gwa, tulo n'kumabwera tambala atalira. Chithandizo cha mayiwo dzina lake ndi craniosacral therapy. Anachikhazikitsa ndi John Upledger, dokotala wa ku America, m'zaka za m'ma 1970 ali pa Michigan State University, potengera maganizo akale a William Sutherland, dokotala winanso wa ku America, okhudza mafupa a chigaza.

Amene akuyembekeza kusisitidwa mwamphamvu akakhumudwa. Umagona chagada pa kabedi, zovala zili m'thupi, wangovula nsapato. Mayiwo amayamba kugwira mapazi, kenako amalowetsa dzanja pansi pa chiuno, pomaliza n'kukhala kumutu, nkhongo yako ili m'manja mwawo. Sakanikiza ngakhale pang'ono. Lamulo lake ndi lakuti kukhudzako kusapose magalamu 5, ngati kandalama kachitsulo kaikidwa pakhungu. Kwa ola lathunthu palibe wokuyankhulitsa. Umangomva fani ikuzungulira, mpweya wako ukutsika pang'onopang'ono, nsagwada zimene sunadziwe kuti waluma zikumasuka zokha. Gawo limeneli ndimalikonda ndi mtima wonse. Usiku umenewo ndi wotsatira wake ndimagona tulo tofa nato, ndipo ana kunyumba amanena kuti sindikalipa msanga.

Pali zina zimene sindivomereza. Mayiwo amati amamva kayendedwe ka madzi a mu ubongo ndi mumsana, n'kumakonza mafupa a chigaza. Komatu mafupa a chigaza cha munthu wamkulu ndi olumikizana zolimba, ndipo ofufuza atayesa anapeza kuti akatswiri awiri akagwira munthu mmodzi sagwirizana pa kayendedwe kamene akuti akumva. Ndinawauza mwaulemu kuti, "Mayi, manja anu amandipumitsa, koma za mafupazo ndisiyeni kaye." Sanakwiye. Ine ndikuona kuti chimene chimandithandiza ndi bata lija, ndi kugwiridwa mofatsa ndi munthu amene sakufuna kanthu kena kwa iwe.

Khosi ndiye silinachire. Sabata yosoka mayunifolomu ambiri ikakwana, ululu umabwerera pomwe unali. Chimene chachepetsako ndi kukweza mpando ndiponso kumaimirira pafupipafupi kudziwongola.

Mtunda nawonso ndi nkhani. Kuchoka ku Angónia kudutsa Moatize mpaka kuwoloka Zambezi ndi maola ambiri uli wopanikizika mu chapa (minibasi), ndipo pobwerera mapewa amakhala ayambanso kuuma. Mukaphatikiza thiransipoti ndi malipiro a mayiwo, ndalama yake si yamasewera. Tsopano ndimangopita ndikakhala ndi ulendo wokapikula zitenje.

Mnansi wanga anafuna kutengerako mwana wake amene ankadandaula mutu, thupi likutentha. Ndinamuletsa, ndipo tinapita naye kuchipatala kukayezetsa malungo. Mutu wobwera ndi kutentha thupi, kusanza, dzanzi m'manja kapena kuthamanga kwa magazi, zimenezo n'za adokotala. Koma mayi amene wangotopa ndi ntchito ndi nkhawa, tulo tikumuvuta, ndipo ali kale ndi ulendo wa ku Tete, ndingamuuze kuti akayese.