Batman '66 patapita miyezi isanu ndi itatu pashelefu

Makomiki a Batman '66 amene DC Comics idatulutsa kuyambira 2013 mpaka 2016 satopetsa ngakhale uwawerenge kachitatu, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: mlembi wamkulu, Jeff Parker, sanyoza sewero la pa TV limene adatengerako nkhanizi. Sewerolo lidaonetsedwa pa ABC, wayilesi ya kanema ya ku America, kuyambira 1966 mpaka 1968, magawo 120, Adam West ali Batman, Burt Ward ali Robin. M'makomikimu Batman akadali munthu waulemu amene amalangiza Robin za khalidwe labwino zigawenga zili pakhomo, ndipo amanena zimenezo ndi mtima wonse. Nthabwala zagona pamenepo, n'chifukwa chake sizisuluka.

Chimene chimaoneka bwino ukabwereza ndi ntchito ya ojambula. Buku loyamba, lomwe muli manambala 1 mpaka 5, limayamba ndi zojambula za Jonathan Case. Iye adapaka utoto motulukira dala kunja kwa mizere, n'kuwaza timadontho ngati ta makina osindikizira akale. Ungaganize kuti bukulo lidasindikizidwa molakwika. Ayi, mpomwe pali kukoma kwake. Yang'anitsitsani nkhope ya Joker: pansi pa utoto woyera pakuoneka ndevu zapamlomo, chifukwa Cesar Romero, amene ankasewera ngati Joker pa TV, adakana kuzimeta nthawi ya sewerolo. Zikuto za Mike Allred nazonso n'zosiririka.

Chofooka chilipo. Ojambula amasinthasintha, ndiye nkhope ya Adam West imafanana naye m'nkhani ina, m'nkhani yotsatira n'kukhala ya munthu wina. Komanso makomikiwa adayamba kutuluka a pa foni ndi tabuleti, chithunzi chikusintha ukagunda sikirini, mawu ngati POW akutumphuka okha. Papepala zimenezo palibe, ndipo masamba ena amaoneka ngati adulidwa pakati.

Za kulimba kwa mabukuwo, msana ndiwo umayamba kudandaula. A chikuto chofewa adamatidwa ndi guluu. Ukalitsegula n'kulikanikiza pathebulo kuti ligone, guluuyo amasweka, mzere woyera umatuluka pamsana, kenako masamba apakati amayamba kugwedera. Latsopano muzilitsegula pang'onopang'ono, masamba khumi kutsogolo, khumi kumbuyo, mpaka mukafike pakati. Omnibus, buku lalikulu lomwe muli manambala onse 30, ndi lolemera kwambiri. Likaima nthawi yaitali masamba amalendewera n'kukoka msana, choncho ligonekeni.

Pepala lake ndi losalala, ndipo chinyezi cha nthawi ya dzinja chimalipinda ngati mafunde, nthawi zina masamba kumamatirana pamene pali utoto wambiri. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa mabuku ndi khoma, ndipo musawatsekere m'pulasitiki muli chinyezi kale, nkhungu imamera. Dzuwa la pawindo limayamba kudya zofiira ndi zachikasu, mitundu yomwe ili paliponse m'makomikiwa.

Amene akugula limodzi lokha ayambe ndi buku loyamba. Wofuna kuwonjezera afunefune The Lost Episode ya 2014, nkhani ya chigawenga Two-Face imene mlembi Harlan Ellison adakonzera sewerolo koma sidajambulidwe pa TV. Len Wein adailemba kukhala komiki, José Luis García-López n'kuijambula, ndipo mizere yake ndi yaudongo kuposa ina yonse m'gululi.