Batire lenileni, lofananitsa, kapena losinthidwa maselo?

Ife okhoma masofa ndi mawadilopu ku Glen View Area 8 mu Harare, magetsi akazima m'mawa ntchito yonse imatsamira pa drill ya batire. Ndiye batire likafa, mutu umazungulira: tigule liti?

Dziwani kaye za mkati. Batire la lithium la 18V ndi maselo asanu a 3.6V olumikizidwa motsatizana. La DeWalt lolembedwa 20V MAX ndi lomwelo, 20V ndi mphamvu yake likangochoka pa tchaja. Ah ndi muyeso wa moto womwe batire limasunga: la 2.0Ah lili ndi maselo asanu, la 5.0Ah khumi, n'chifukwa chake limalemera.

Lenileni limawawa m'thumba, izi sitingabise. Koma la Makita la 5.0Ah limadzaza m'mphindi 45 pa tchaja yake yothamanga, ndipo tchajayo ili ndi fani yoliziziritsa. Magetsi akabwera usiku, awiri amadzaza musanagone.

Lofananitsa ndiye linandipweteka. Ndinagula lina mumsewu m'tauni, chikwangwani chake chikunena 6.0Ah, mtengo wosafika theka la lenileni. Pa grinder silinadule n'komwe zitsulo za bedi limodzi. Ndinakaliika pa sikelo ya amayi ogulitsa nyemba pafupi ndi shedi yathu, linali lopepuka kuposa langa la 5.0Ah. Nditamasula, ndinapeza maselo asanu okha, kwinako mphepo. Musanapereke madola anu, achimwene, linyamuleni m'dzanja mufanizire ndi lomwe mumalidziwa.

Kusinthitsa maselo kuli pakati, ndipo kumadalira mmisiri. Ngati chikuto cha pulasitiki ndi bolodi ya zamagetsi ya mkati mwa batire zili bwino, amene amaika maselo atsopano opirira katundu, monga Samsung 25R, n'kuwalumikiza ndi spot welder (makina owotcherera mwachangu osatenthetsa selo), angakupulumutsireni ndalama. Amene amachotsa maselo mu laputopu yakufa n'kuwotcherera ndi mtovu, muthaweni. Maselo a laputopu sanapangidwire mota, amatentha msanga.

Nanga mabatire akale aja a NiCd, omwe si a lithium? Ngolemera, ndipo amadzithera okha ali pashelefu. Asiyeni.

Lililonse lomwe mwagula, mdani wake ndi kutentha. Mu Okutobala pansi pa malata mumakhala ngati mu uvuni, ndiye batire lotentha lisapite pa tchaja mpaka litazizira. Drill ikayamba kufooka, sinthani, musalifinye mpaka dontho lomaliza. Ine ndikamapita kumudzi ku Dedza pa Khirisimasi, ndimawachotsa pa makina, ndikuwasiya ndi moto wa theka m'bokosi lamatabwa, kutali ndi misomali.